Kusaka midzi ya ku Zomba pa mapu: lipoti la ntchito ya geocoding

Ntchitoyi inandipeza mu 2024, patatha chaka namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Bungwe lina laling'ono lomwe limagwira ntchito ndi makalabu a alimi komanso magulu a banki mkhonde m'boma la Zomba linali ndi mndandanda wa mamembala ake mu Excel, mizere pafupifupi 3,000. Omwe amalithandiza ndi ndalama anali atafunsa funso lomwe pa ofesi panalibe wotha kuliyankha: mwa anthu anuwa, ndi angati omwe amakhala kumalo kosefukira madzi, kumunsi kwa mtsinje wa Likangala ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa?

Bwana wa bungwelo anandiitana Lolemba m'mawa. "Achimwene, inu ndi a makompyuta. Tangoponyani mayinawa mu Google, pofika Lachisanu tikhale ndi mapu." Ndinavomera. Mapuwo anatuluka patatha milungu isanu ndi iwiri, ndipo gawo lalikulu la ntchito silinachitikire pa kompyuta. Ndalemba izi kuti mnzanga wina amene apatsidwe ntchito yofanana nayo ku Machinga kapena ku Phalombe asapunthwe pomwe ine ndinapunthwa.

Geocoding ndi kutenga mawu ofotokoza malo n'kuwasandutsa manambala awiri, latitude ndi longitude, oti kompyuta ikhoza kuika kadontho pa mapu. Tauni ya Zomba ili cha pa -15.38 ndi 35.32. Funso lomwe ndinayamba nalo linali lomwe aliyense amayamba nalo: ndigwiritse ntchito library (code yolembedwa kale ndi ena) yaulere pa laputopu yanga, kapena ndilipire kampani ya mapu ya pa intaneti?

Zomwe zinali m'bokosi la keyala

Mzere uliwonse unali ndi dzina la membala, kalabu yake, ndi bokosi limodzi la keyala. Ena analembamo mudzi, gulupu ndi T/A mwadongosolo. Ena mudzi wokha. Ambiri ndithu analemba P.O. Box ya sukulu ya pulayimale kapena ya mpingo wawo, pakuti kwathu kuno keyala ndi komwe kalata imafikira, osati komwe munthu amagona. Mlimi wa ku Mayaka akhoza kukhala ndi keyala yothera ndi mawu oti Zomba koma chaka n'kutha asanaponde m'tauni. Ndiye panali ena omwe alangizi anawalembera mmene timalondolerana njira tsiku ndi tsiku: "kuseri kwa chigayo", "mukadutsa mjigo wachiwiri, nyumba ya malata", "pa Three Miles mukafunse kwa Che Uje".

Mapulogalamu a geocoding anapangidwira keyala ya mtundu wina: nambala ya nyumba, dzina la msewu, mzinda, postcode. MACRA yakhala ikugwira ntchito yopatsa misewu mayina, nyumba manambala, ndi madera ma postcode a manambala asanu ndi limodzi, koma mu Excel yathu munalibe mzere ngakhale umodzi wolembedwa motero. Izi ndikanaziona tsiku loyamba ndikanakhala kuti ndinawerenga mizere zana ndi maso ndisanalembe code. Sindinatero.

Chidebe si chitsime

Chinthu choyamba chomwe ndiyenera kuwongola, chifukwa nanenso ndinkachisokoneza, n'chakuti library zambiri zomwe timazitcha za geocoding sizidziwa malo aliwonse. geopy, library ya chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python, ndi chidebe chotungira. Imatenga funso lako n'kukalipereka kwa Nominatim (pulogalamu yosaka mayina a malo pa mapu), kwa Google, kwa HERE, kwa Mapbox kapena kwa ena, n'kukubweretsera yankho mu maonekedwe amodzi. tidygeocoder ya chilankhulo china chotchedwa R imachita chimodzimodzi. Ukazimitsa intaneti, zonse ziwiri zimakhala chete. libpostal ndi yosiyanako: imagwira popanda intaneti, koma ntchito yake ndi kuphwanya keyala m'zigawo, kunena kuti ili ndi dzina la msewu, uwu ndi mzinda. Sipereka latitude kapena longitude. Ndinaipatsa "kuseri kwa chigayo" ndipo inayesetsa kupezamo msewu, monga inaphunzitsidwira.

Zitsime zenizeni zomwe ungakumbe pakhomo pako ndi Nominatim, Photon ya kampani ya Komoot, ndi Pelias yomwe inayambira ku Mapzen kampaniyo isanatseke mu 2018. Izi ukhoza kuziika pa makina ako. Koma madzi ake amachokera kwambiri ku OpenStreetMap, mapu omwe anthu odzipereka akhala akujambula kuyambira 2004. Choncho ukati ukuyerekeza library ndi makampani a mapu, kwenikweni ukuyerekeza zinthu zitatu zosiyana: amene ali ndi mayina a malo, makina omwe akusaka mayinawo ali kuti, ndiponso amene adzakhale mwini wa yankho.

Kuyesa koyamba: geopy ndi Nominatim ya aliyense

Ndinayamba ndi seva ya Nominatim yomwe OpenStreetMap imapereka kwaulere. Ili ndi malamulo ake: funso limodzi pa sekondi osapitirira apo, pulogalamu yako idzitchule dzina, ndipo salimbikitsa kuthira mndandanda waukulu nthawi imodzi. geopy ili ndi RateLimiter yothandiza kusunga lamulo la sekondilo. Mizere 3,000 pa liwiro limenelo ndi mphindi 50, magetsi ndi bandulo zikakukomera mtima. Ine zinandithera kawiri ndili pakati, ndipo poti sindinkasunga mayankho mmodzimmodzi pa disiki, ndinkayambiranso pachiyambi. Limenelo linali phunziro lotchipa.

Lodula linabwera nditatsegula zotsatira mu QGIS, pulogalamu yaulere yojambulira mapu. Mapu anatseguka akuonetsa dziko lonse lapansi. Alimi athu angapo anali ku Hungary, chifukwa kumeneko m'chigawo cha Tolna kuli mudzi wotchedwa Zomba. Mamembala a ku Ndola, dera la m'tauni mwathu muno, anali ku Copperbelt ku Zambia. Wolakwa ndinali ine: sindinaiuze pulogalamu kuti isake m'Malawi mokha (countrycodes=mw), kapena m'boma la Zomba mokha (viewbox ndi bounded=1). Pulogalamu inafunsidwa za Ndola ndipo inapereka Ndola yodziwika kwambiri. Aliyense wosadziwa Zomba akanayankha chimodzimodzi.

Nditakonza izi madontho onse anabwerera ku Malawi, koma mizere yambiri inabwera yopanda kanthu. Misika ndi malo odziwika ankapezeka bwinobwino: Thondwe, Songani, Domasi, Jali, Chinamwali, Matawale, Mpondabwino. Midzi yeniyeni, ya anyakwawa, inali yosowa. Chifukwa chake chimaoneka ukatsegula OpenStreetMap m'madera a T/A Mwambo: nyumba ndi tinjira zajambulidwa zambiri, makamaka kuchokera pa ntchito zomwe anthu odzipereka anagwira madzi atasefukira mu 2015 ndi pambuyo pake. Koma munthu wojambula ali kutali, akuyang'ana chithunzi cha satelaiti, amaona denga. Dzina la mudzi silioneka kuchokera kumwamba.

Panthawiyo mizere yopanda kanthuyo inkandikwiyitsa. Pano ndimaiona ngati yankho loona mtima kwambiri lomwe ndinalandira pa ntchito yonseyi.

Kuyesa kwachiwiri: API yolipira

Lachitatu la sabata yoyamba ndinapita ku Google Geocoding API, njira yomwe pulogalamu yako imatumizira mafunso ku makina a Google pa intaneti n'kulandira mayankho. Mtengo wake unali madola 5 pa mafunso 1,000, ndipo nthawi imeneyo ankapereka madola 200 aulere mwezi uliwonse, dongosolo lomwe analisintha mu Malichi 2025. Mizere yathu ikanadya madola 15 okha, omwenso akanalowa m'gawo laulere. Vuto silinali mtengo koma khadi. Kuti utsegule akaunti umafunika khadi la kubanki lotha kulipira kunja, ndipo iyi inali miyezi yochepa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja zikusowa. A akaunti a bungwelo atamva kuti khadi likhala lomangirira ku chinthu chomwe chimadula chokha ndalama mwezi ndi mwezi anapukusa mutu. Tinagwiritsa ntchito langa, nditaika malire a mafunso pa tsiku kuti code ikalakwitsa n'kumazungulira isandisiye pa ngongole.

Ndinaika components=country:MW kuti isake m'Malawi mokha, n'kuyendetsa. Pafupifupi mzere uliwonse unabwera ndi latitude ndi longitude. Ndinasangalala, ndipo ndinatsala pang'ono kutumiza uthenga kwa bwana kuti Lachisanu latheka.

Chinandiletsa ndi QGIS yomweyo. Mizere inali masauzande, koma madontho ooneka pa mapu anali ochepa modabwitsa. Nditawerenga mizere yomwe inali ndi manambala ofanana ndendende, ndinapeza mulu waukulu wa anthu ataunjikana pa kadontho kamodzi pakati pa tauni ya Zomba, milu ina yaing'ono pa Domasi, pa Jali ndi pa Thondwe. Onse a P.O. Box anali m'tauni. Onse omwe mudzi wawo sunadziwike koma keyala inathera ndi "Zomba" analinso m'tauni.

Apa ndiyenera kunena chilungamo: API sinaname. Yankho lililonse limabwera ndi location_type, chizindikiro chosonyeza kulondola kwa kadontho kuyambira ROOFTOP (pa nyumba penipeni) mpaka APPROXIMATE (mongoyerekeza), ndipo ikapeza mbali chabe ya zomwe wafunsa imaikanso partial_match. Palinso types yonena ngati chomwe yapeza ndi nyumba, dera kapena boma lonse. Zonsezi zinalipo. Ine ndinangotola latitude ndi longitude n'kutaya zotsalazo, monga zitsanzo zambiri za code zimachitira. Nditabwerera kukaziwerenga, milu ija yonse inali APPROXIMATE. Inkandiuza kuti "mudzi wanuwo sindikuudziwa, koma Zomba ndi iyi", ine osamva.

Taganizani mapu amenewo atapita kwa opereka ndalama. Pakati pa tauni ndi kumtunda, m'tsinde mwa phiri. Lipoti likananena kuti mamembala ambiri ali pamalo otetezeka, pomwe ena mwa iwo madzi a Freddy anawalowera m'nyumba.

Pomwe API yolipira inapambana ndi pa mayina a sukulu, matchalitchi, mizikiti, zipatala ndi mashopu. Keyala ikatchula sukulu ya pulayimale, nthawi zambiri inkaipeza, ndipo izi zinatithandiza pambuyo pake ngati polozera. M'tauni, ku Chikanda, ku Sadzi, ku Chinamwali, inkafikitsa munthu m'dera loyenera. Kupitirira apo ayi.

Kukayeza ndi mapazi

Kuti ndisamangokangana ndi kompyuta, ndinapempha nyumba 60 zoti tikaziyendere: zina m'tauni, zina kwa Mwambo, zina ku Chingale. Ndinakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya alangizi, foni ili ndi fomu ya KoboToolbox, pulogalamu yolembera mafomu pa foni. Funso la geopoint, lomwe limatenga malo omwe waima, limadikira mpaka GPS itatsika kufika pa mamita 5, ndipo siifuna netiweki. Mafoni wamba omwe alangizi ali nawo ankafika pamenepo mu mphindi imodzi kapena ziwiri ukaima pabwalo, osati pansi pa mtengo wa mango.

Poyerekeza ndinaona kuti kutenga avareji ya mtunda wolakwika kulibe phindu. Zolakwika zinali za mitundu iwiri yosiyana kwambiri: kadontho kali pafupi, mkati mwa kilomita imodzi kapena ziwiri, kapena kali m'tauni, makilomita makumi kuchokera pakhomo la munthu. Zapakati zinali zochepa. Ku Chingale ndiye kunandiphunzitsa china. Kuli kuseri kwa phiri la Zomba, mbali ya ku Shire. Pa mapu mtunda wowongoka kuchokera m'tauni suoneka waukulu, koma pakati pali phiri lonse, ndipo njinga imayenera kuzungulira. Mlangizi wa kumeneko, bambo wachikulire yemwe wayenda njira zimenezo zaka zambiri, ataona kadontho ka membala wake kali pafupi ndi msika wa m'tauni anaseka. "Bwana, kompyuta yanuyi imauluka eti? Ife timadutsa pansi."

Kulakwitsa kwina kunali kwa manja athu. Mlangizi mmodzi ankakopera manambala a GPS mu kope n'kudzalowetsa madzulo, ndipo ankasiya kachizindikiro ka minus. Popanda iko, 15.38 ndi 35.32 ndi kummawa kwa Sudan. Ine mwini ndinasinthanitsa manambala polemba GeoJSON, mtundu wa faelo ya mapu yomwe imayamba ndi longitude pomwe geopy imayamba ndi latitude, ndipo alimi onse anapezeka m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco. Zoterezi n'zosaopsa chifukwa zimaoneka msanga. Choopsa ndi kadontho kooneka bwino pakati pa Zomba.

Yankho ndi la yani?

Ngakhale API yolipira ikanapeza midzi yonse, panali chopinga china chomwe ndinachiwerenga mochedwa. Malamulo a Google Maps Platform salola kusunga latitude ndi longitude zochokera kwa iwo kupitirira masiku 30. Chomwe ukhoza kusunga mpaka kalekale ndi place ID, chizindikiro chomwe Google imapatsa malo aliwonse. Salolanso kuonetsa zotsatirazo pa mapu omwe si a Google. Mapbox nayo imasiyanitsa geocoding yosakhalitsa ndi yosungidwa, iliyonse ndi mtengo wake. Bungwe lathu linkafuna kusunga manambalawo mu database yake zaka zambiri, kuwasanjikiza ndi mapu a madzi osefukira mu QGIS, n'kusindikiza pa pepala. Zimenezi sizinkagwirizana ndi malamulowo. Zochokera ku OpenStreetMap zili pansi pa laisensi ya ODbL: ukhoza kusunga, bola utchule komwe wazitenga, ndipo ukafalitsa database yochokera kwa iwo uyenera kuigawa mwa laisensi yomweyo.

Nkhani ina ndi yachinsinsi cha anthu, ndipo apa ndili ndi mlandu. Ndinachotsa bokosi la mayina ndisanatumize kanthu kunja, n'kumadziona wochenjera. Koma m'bokosi la keyala momwemo munali mayina a anthu, "kwa Che Uje", "kwa amayi Auje ogulitsa mandasi", nthawi zina ndi nambala ya foni. Zonsezi zinapita ku maseva akunja pa kuyesa kuwiri koyamba. Chaka chomwecho dziko lathu linali litakhazikitsa Data Protection Act ya 2024. Ndinawauza abwana zomwe zinachitika, ndipo kuyambira pamenepo palibe mzere wathunthu womwe unatulukanso mu laputopu.

N'chifukwa chake ndinaika Nominatim pa makina anga. Ndinatsitsa faelo ya Malawi yokha kuchokera ku Geofabrik, kampani yomwe imagawa mapu a OpenStreetMap dziko ndi dziko, n'kuilowetsa mu Nominatim.  Ya dziko lonse lapansi imafuna seva yamphamvu, koma ya Malawi laputopu wamba inakwanitsa madzulo amodzi. Kuchokera apo panalibenso lamulo la sekondi, panalibe bandulo, magetsi akazima batire inkapitiriza. Ndinkatha kuyendetsa mndandanda wonse kakhumi pa tsiku ndikusintha kalembedwe ka mafunso. Koma midzi yomwe inkasowa pa seva ya aliyense inkasowanso pa yanga. Chitsime chinali pakhomo, madzi anali omwewo.

Ndinayang'ananso GeoNames, database yaulere ya mayina a malo pa intaneti, yomwe ili ndi mayina ambiri a midzi ya ku Malawi otengedwa m'mapu akale. Inatipatsa ena omwe OpenStreetMap inalibe. Koma ambiri manambala ake anathera pa miniti ya digiri, yomwe ndi pafupifupi makilomita 1.8, ndipo midzi ina ndi ya mafumu omwe mayina awo anasintha kalekale.

Kaundula wathu wa midzi

Chomwe chinatsegula njira ndi kuwerengera kosavuta. Anthu anali 3,000, koma midzi yawo inali mazana ochepa chabe. Funso la opereka ndalama silinkafuna denga la nyumba iliyonse. Linkafuna mudzi. Ndiye m'malo mofunsa dziko lakunja komwe kuli midzi yathu, tinaganiza zolemba kaundula wathu: dzina la mudzi, gulupu, T/A, latitude, longitude, ndi komwe manambalawo achokera.

Apa ndi pomwe library zinagwira ntchito yeniyeni, koma osati za geocoding. Ndi pandas, library ya Python yokonzera matebulo, ndinatsuka mayina: kuchotsa "mudzi wa", "Vge", "VH", "GVH", "kwa", "Che", ndi timikwingwirima ta pamwamba. Kenako mavuto a kalembedwe kathu. L ndi R zimasinthana momasuka, Chilwa ndi Chirwa, Chilunga ndi Chirunga. Mulunguzi ena amalemba Mlunguzi. Kuntumanji amalembedwanso Kumtumanji, Ntonya ndi Mtonya, M'biza ndi Mbiza. Ku Chawe ena amalumikiza kukhala liwu limodzi. M'boma lomwe muli Ayao, Alomwe ndi Anyanja, dzina limodzi la mfumu limalembedwa monga khutu la mlembi lamvera. Palibe API yakunja yomwe inaphunzitsidwa zimenezi, koma malamulo khumi ndi angapo olembedwa ndi munthu wodziwa chilankhulo anachepetsa mndandanda kwambiri.

Zotsala ndinazifananitsa ndi RapidFuzz, yomwe imapereka nambala kuyambira 0 mpaka 100 yosonyeza kufanana kwa mawu awiri. Ndinaika lamulo loti izifananitsa midzi ya mu T/A imodzi yokha, chifukwa dzina lomwelo limapezeka kwa Chikowi, kwa Mlumbe ndi kwa Malemia, midzi itatu yosiyana. Ngakhale zinali choncho inandipusitsa. Inaphatikiza "Uje 1" ndi "Uje 2" chifukwa kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, pomwe ndi midzi iwiri yomwe inagawikana mfumu ina itakwezedwa, ndipo wina uli kutsidya kwa mtsinje. Mudzi kwathu si malo okhazikika ngati msewu wa mu mzinda. Ndi anthu a mfumu yakutiyakuti. Umagawikana, umasintha dzina, ndipo mabanja a midzi iwiri akhoza kukhala mosakanikirana. Kuyambira pamenepo kompyuta inkangopereka maganizo, wovomereza ankakhala mlangizi wa deralo.

Tinakhala masiku awiri m'chipinda chimodzi ndi alangizi onse, chithunzi cha satelaiti chili pakhoma kudzera pa pulojekita. Sindinaonepo anthu akukondwera ndi QGIS monga tsiku limenelo. Amayamba ndi sukulu kapena mlatho womwe akuudziwa, n'kumatsata kanjira ndi chala mpaka kufika. Mkangano waukulu unali woti mudzi uli pati kwenikweni. Wina ankati pakhomo pa amfumu, wina pa mjigo, wina pa bwalo la milandu. Mayi wina, mlangizi wa magulu a banki mkhonde, ndiye anadula: "Abale, ife tikamapita kumudziko timafikira pati? Pomwe gulu limakumana. Ikani pamenepo." Tinatero, ndipo tinalemba mu kaundula kuti kadontho kakutanthauza malo okumanira gulu, kuti wodzagwiritsa ntchito mtsogolo asaganize kuti ndi pakati pa mudzi. Midzi yomwe alangizi sanagwirizane, kapena yosaoneka bwino pa chithunzi, anakaitenga ndi GPS pa maulendo awo a masiku onse m'milungu yotsatira.

Mlangizi wina anabwera ndi mapu akale a pepala a 1:50,000 a Department of Surveys, omwe ali ndi mayina a midzi ambiri kuposa chilichonse cha pa intaneti. Ndi chuma, koma achenjere nawo owerenga manambala. Mapu akalewo ali pa datum (maziko owerengera manambala a malo) ya Arc 1950, pomwe GPS ndi mapu a pa intaneti ali pa WGS 84. Zomba ili mu UTM zone 36 South pa onse awiri, choncho manambala amaoneka ofanana, koma ukawalowetsa osawasintha kadontho kamasuntha mamita mazana angapo. Mu QGIS nkhani yake ndi kusankha EPSG:20936 m'malo mwa EPSG:32736. Pa mudzi womwe uli m'mphepete mwa dambo, mamita amenewo ndi omwe amasiyanitsa wonyowa ndi wouma.

Kutsimikiza

Ndinatenga malire a ma T/A kuchokera ku HDX, tsamba la pa intaneti la United Nations logawira data, n'kuyesa ngati kadontho kalikonse kagwera mu T/A yomwe yalembedwa pa fomu. Kuyesa kumeneku kunagwira zolakwika zambiri kuposa njira ina iliyonse, ndipo kukanagwira mulu wa m'tauni uja tsiku loyamba lomwe. Sikuti kosagwirizana kulikonse kunali kulakwa. Madera ena ali ndi ma Sub T/A omwe anthu amawatchula koma malire a pa mapu sanawagawe.

Kuyesa kwina komwe ndinkakunyadira kunalephera. Ndinalamula kuti kadontho kalikonse kogwera m'nyanja ya Chilwa kaonedwe ngati kolakwika. Koma Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo gombe lake limayenda chaka ndi chaka. Inaumiratu mu 1968 ndi mu 1995. Mzere wa buluu womwe uli pa mapu ndi gombe la chaka chomwe wojambula anaona. Madontho ena omwe kompyuta inati ali m'madzi anali a GPS yeniyeni, mlangizi ataima pa nthaka youma pomwe anthu amalima mpunga. Ndinachotsa lamulolo n'kuika lina longochenjeza.

Mzere uliwonse pomaliza unalandira bokosi latsopano lonena mlingo wa kadontho kake: nyumba, mudzi, gulupu, T/A, kapena palibe. Ili ndi lomwe ndinaphunzira ku location_type ija ndinaitaya. Ndinachepetsanso manambala a pambuyo pa dontho. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, choncho nambala yachinayi ndi mamita 11. Kulemba manambala asanu ndi awiri pa kadontho ka mudzi ndi kunamiza wowerenga kuti ukudziwa pomwe pali mphika.

Zomwe tinapereka

Kwa opereka ndalama tinapereka magulu atatu m'malo mwa nambala imodzi: midzi yomwe ili mkati mwa malo osefukira, yomwe ili kunja, ndi yomwe ili m'malire moti kadontho ka mudzi sikangayankhe. Gulu lachitatuli ndi lokhalo lomwe linafunika GPS ya nyumba ndi nyumba. Abwana poyamba sanakondwe nalo, ankati likuoneka ngati ntchito yosatha. Atawerenga mayina a midzi yomwe inali m'gululo anavomereza kuti iwonso sakanalumbira kuti ili mbali iti.

Nditafunsidwa lero kuti ndisankhe, kwa bizinesi yoperekera katundu m'tauni, yomwe makasitomala ake amatchula sukulu, filling station kapena loji, ndipo mapu akuonetsedwa pa foni nthawi yomweyo, ndingatenge API yolipira osazengereza. Kwa mndandanda wa anthu a kumudzi woti usungidwe, ndingaike Nominatim pa makina anga kuti izindipezera misika, sukulu ndi misewu, koma ndalama zambiri ndingaziike pa mafuta a njinga ndi masiku awiri aja a pulojekita. Photon ndi Pelias sindinaziike. Pelias imalola kulowetsa mndandanda wako wa malo kuchokera mu CSV, ndipo kaundula wathu akadzakula mpaka kufuna bokosi losakira pa foni, ndi komwe ndidzayambire.

Fomu yolembera mamembala atsopano tinaisintha. Bokosi limodzi la keyala linasanduka atatu osankha pa mndandanda, T/A, gulupu ndi mudzi, kuphatikiza geopoint yotengedwa pakhomo membala atavomereza. Tinayesanso Plus Codes, zilembo ndi manambala ochepa oimira latitude ndi longitude, zomwe Google inatulutsa poyera mu 2014 ndipo zimawerengedwa popanda intaneti. Za m'tauni ya Zomba zimayamba ndi 5GPQ, ndipo code ya zilembo khumi imaloza malo a mamita pafupifupi 14 mbali zonse. Tinazisindikiza pa makadi a magulu angapo. Alangizi anazilandira mwaulemu n'kupitiriza kuimbirana foni kuti "mundilondole kuchokera pa chigayo".

Mayina a midzi omwe tinatenga tokha ndi GPS tinayamba kuwalowetsa mu OpenStreetMap pang'onopang'ono, mudzi wokha popanda dzina la munthu. Omwe tinawapeza mothandizidwa ndi mayankho a Google sitinawalowetse, chifukwa malamulo a mbali zonse ziwiri salola. Mu Excel mukadali mizere yoposa zana yomwe bokosi la mlingo likuti palibe. Yambiri ndi ya P.O. Box ya anthu omwe anasiya kubwera ku gulu ndipo palibe akukumbukira mudzi wawo. Ina ndi ya pa chilumba cha Chisi kwa T/A Mkumbira, yomwe ikudikira tsiku lomwe mlangizi adzakwere boti pa Kachulu foni ili ndi moto.